Magalasi a Malemu Venâncio

Lulimile, Lichinga
Julayi, 1987

Okondedwa achemwali anga a Chausiku,

Asalaamu alaikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kwathu ku Meponda. Nanga Ababa akudzuka bwanji? Kuno tilipo, Alhamdulillah, ngakhale kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Mphepo ikuchita kulowa m'mafupa, ndipo fumbi lofiira lija lili paliponse, m'mano, m'chakudya, ngakhale m'bokosi lotseka. Mlamu wanu Assia akutsokomola koma akuyenda.

Sitima ya ku Cuamba sitinaionenso chithere mvula, choncho sopo, mchere ndi mafuta a nyale zikuoneka mwa apo ndi apo. Kukooperativa timaima pamzere m'mawa wonse n'kubwerako ndi kabichi. Anthu othawa nkhondo ku Chimbonila adzaza m'makonde a abale awo, ndipo nkhuni zayamba kusowa chifukwa palibe wofuna kupita kutali ndi tauni. Sindikudandaula, poti ndikudziwa kuti zanu kumeneko n'zoposa zathu.

Che Momade anafika bwino ndi koluna, mdipiti uja wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Anandipatsa phukusi la usipa limene munatuma, tathokoza kwambiri, komanso magalasi a Ababa okulungidwa m'kansalu. Anandiuzanso zimene inu simunafune kuti ndimve. Anati tsiku lija mfuti za anthu a m'tchire zinalira kuphiri kutangocha, mudzi wonse n'kuthamangira kumabwato, Ababa anagwa panjira chifukwa sankasiyanitsa njira ndi tchire. Anati inu munabwerera, mwana ali kumbuyo, n'kuwakoka padzanja, iwo akukuuzani kuti muwasiye.

Mukudziwa kuti chichotsereni ng'ala m'maso mwawo, Ababa popanda magalasi okhuthala aja ndi munthu wakhungu. Ndiye pamene Che Momade anafikitsa mawu awo, akuti mwana wanga anaphunzira za magalasi ku Jeremani, akonza, ndinaweramitsa mutu ndi manyazi.

Achemwali, mwina sindinakufotokozereni bwino ntchito imene ndinkagwira kunja kuja. Ine sindinkasula magalasi. Galasi likatha kusulidwa ndi anthu ena, linkalowetsedwa m'chimphika chachitsulo chotseka, chopopedwa mpweya wonse. M'menemo ankatenthamo ufa wina wonga wa mwala mpaka usanduke nthunzi, ndipo nthunziyo inkatera pagalasi monga mwaye umaterera pagalasi la nyale, n'kuuma gwa, n'kukhala kakhungu. N'kamtundu umodzi ndi kunyezimira kuja kwa kapu yadothi yomwera tiyi, koma n'kopyapyala moti khoko la anyezi likhoza kuoneka ngati chikopa cha mvuu. Simungakaone pokhapokha mutapendeketsa galasi padzuwa, pamene kamachita mtundu ngati wa khosi la nkhunda. Kamathandiza kuti kuwala kulowe m'diso m'malo mothwanima pamwamba, komanso kamateteza galasi pang'ono.

Tsono ntchito yanga inali yowononga kakhunguko. Ndinkakhala pa makina okhala ndi kamkono kachitsulo, kunsonga kwake kuli kansalu kapena kamphira, pamwamba pake atasanjikapo cholemera. Kamkonoko kankakwecha galasi, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera, ine n'kumaimitsa kuti ndiyang'ane panyale. Kakhungu kakapirira, magalasi onse a mphika umenewo ankaloledwa kugulitsidwa. Kakachita chifunga, onse ankabwezedwa. Zaka zonse zija ndinaphunzira mmene galasi limafera, osati mmene limadzukira. Chimphika chija chinatsala komweko. Kuno ku ofisina, malo athu okonzera zinthu zowonongeka, ndimakonza mataipi, mawotchi ndi sikelo za kumsika, ndipo anthu amanditcha Mjeremani pondiseka.

Komabe ndinayesa. Nditawakweza pawindo magalasi a Ababa, ndinaona kuti pakati, pamene chala chimadutsa popukuta, kakhungu kanatha kalekale. M'mbali munatsala zigamba zosupuka ngati mamba a nsomba. Galasi lenilenilo linali lokalikakalika ngati pamene nkhuku zapalasa. Ndinakumbukira mmene Ababa amachitira, kuuzira mpweya kenako kupukuta ndi mpendero wa mkanjo, mkanjo womwewo umene akhala nawo pamchenga posoka maukonde. Sindikuwaimba mlandu, palibe anawauza. Koma mchenga ndi wolimba kuposa kakhungu, ndi wolimba kuposa galasi lomwe. Kamchenga kamodzi kakakodwa pansi pa nsalu kamalima mzere ngati khasu, ndipo kakhungu kakang'ambika pamodzi kamayamba kusendeka kuchokera pamenepo.

Mnzanga wa ku ofisina, Vicente, anandipezera mankhwala otsukira mano, ine n'kusefa phulusa pansalu, n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono masiku angapo nthawi ya nkhomaliro. Zigamba zija zinachoka, galasi n'kuyera pang'ono. Koma mizere inalowa mkati. Kuti ithe, ndiye kuti ndipale galasi mpaka litasintha msana wake, ndipo likatero silingagwirizanenso ndi diso la Ababa. Madzi akatayika saoleka.

Ndinapita kuchipatala cha maso. Anamwino anandilandira bwino, koma anandionetsa bokosi la magalasi a anthu ochotsedwa ng'ala lili mbee, mulibe ngakhale limodzi. Anati akudikira ndege. Ndinabwererako kangapo, ndege zikutera ndi chimanga ndi asilikali, bokosi lili chomwecho. Ndinafunsa amwenye a m'sitolo, ndinafunsa abambo a ku mishoni, ndinafunsa ngakhale dalaivala wina amene amadutsa ku Mandimba. Onse ankangopukusa mutu. Ndinatopa, achemwali. Ndinayamba kukulemberani kalata yoti ndalephera, koma dzanja linakana kuimaliza.

Tsopano ndikuuzeni za a Venâncio. Anali oyandikana nafe kuno ku Lulimile, mkulu wachikatolika amene anapuma ntchito ku positi ofesi. Nawonso anachotsedwa ng'ala kalekale, ndipo magalasi awo anawatumizira ndi mwana wawo amene ali ku Putukezi. Ankabwera ku ofisina kuti ndiwamangire kasikuluwu ka m'mbali, ntchito ya kanthawi kochepa, koma ankakhala mpaka madzulo akusimba za matelegalamu a nthawi ya atsamunda. Mwezi watha chifuwa chinawagwira ndi kuzizira kuno, sanachedwe, anatisiya. Ndinakumba nawo manda.

Za magalasi awo zinandibwerera m'mutu, sindinama, koma pakamwa panalemera. Munthu ungapite bwanji kwa namfedwa misozi isanaume, n'kukapempha maso a mwamuna wake? Ndinangokhala. Koma Assia amatunga madzi pachitsime chimodzi ndi akazi awo, Dona Genoveva, ndipo tsiku lina pocheza anawasimbira za Ababa ndi za kugwa kwawo panjira. Lamulungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, Dona Genoveva anandiitanitsa.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala zakuda, pamiyendo pali kachitini ka mabisiketi. Anandiuza kuti ndikhale pampando wa malemuwo, ine ndinakhala pansi. Anatsegula kachitini, n'kutulutsa magalasi okulungidwa m'kampango koyera. Anati tsiku la maliro achibale ankafuna kuti awaveke m'bokosi, poti palibe ankaidziwa nkhope ya a Venâncio yopanda magalasi. Iwo anakana, ndipo akuti sankadziwa chifukwa chimene ankakanira.

Kenako anawavala okha. Anatembenuka uku ndi uku, anatambasula dzanja ngati akufufuza khoma, n'kuyamba kuseka. Anati, “Kani mkulu uja ankandiona chonchi zaka zonsezi? N'chifukwa chake sanandisiye!” Anaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira. Ine ndinayang'ana pansi kudikira kuti amalize. Atapukuta misozi anandiikira magalasiwo m'manja, nati, “Tenga, mwana wanga. M'chitini muno sakuona kanthu.”

Nditawapendeketsa padzuwa, mtundu wa khosi la nkhunda uja unalipo wonse, kuyambira mbali ino mpaka inayo. Panali kamzere kamodzi kokha chakumphepete. Ndinadabwa, chifukwa magalasiwo si atsopano ndipo fumbi la kuno silisiya kanthu. Dona Genoveva anati malemuwo sankapukuta magalasi ali ouma ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankawaviika m'kambale ka madzi, kudonthezamo sopo akakhalapo, kuwakutumula, kenako kuwagunditsa pang'ono kansalu kamene kankakhala m'chitini. Akuti ana awo ankanena kuti bambo amasambitsa magalasi kuposa mmene amasambira eni ake.

Ndinafuna kuwapatsa wailesi imene ndinabwera nayo kunja. Anakana, akuti wailesi masiku ano imangonena za nkhondo, ndipo nkhondoyo akuimva kale ndi makutu awo.

Chimene ndinkaopa n'chakuti mwina mphamvu ya magalasiwa siifanana ndi ya Ababa. Ndinatenga akale ndi atsopanowa, n'kusonkhanitsa dzuwa papepala monga tinkachitira ndi botolo tili ana. Onse anapanga kadontho kowala pamtunda wofanana, ngati chikhatho chimodzi kuchoka papepala. Anamwino aja anandiyezeranso ndi chipangizo chawo. Anati la kumanja n'lofanana ndithu, la kumanzere n'lofooka pang'ono. Anati masiku oyamba mutu ukhoza kuwawa, koma njira adzaiona, nkhope adzazizindikira, ndipo zilembo zikuluzikulu adzawerenga.

Nditabwera nawo kunyumba, chimwemwe changa sichinakhalitse. Ndinaganiza kuti magalasi amene apirira zaka zambiri m'manja mwa a Venâncio akhoza kutha mvula isanagwe akafika pamchenga wa kwathu, ndipo ena achitatu sadzapezeka. Ndinafuna kudziwa ndi maso anga chimene chimapha kakhungu msanga, kuti ndisakulembereni zongoganiza.

Ku ofisina kuli kabati ya zinthu zakufa, ndipo m'menemo munali zoonera patali zothyoka zimene asilikali anasiya osabweranso. Magalasi ake ali ndi kakhungu ka mtundu womwewu. Ndinawachotsa, n'kupanga makina anga aumphawi: sipoko ya njinga, chotsekera botolo kunsonga kwake, ndi bawuti yaikulu yolemeretsa. Kamkono kake ndinali ine ndemwe. Vicente ankaseka, akuti Jeremani yasamukira ku Lichinga. Mchenga sindinavutike kuufuna, ndinakutumula pepala la usipa wanu uja, unagwa wokwanira.

Zimene ndinaona ndi izi. Nditakulunga chotsekera chija ndi nsalu ya kapulana youma koma yoyera, ndinakwecha nthawi yaitali kakhungu kasanayambe kufooka. Nditawaza fumbi la kuno pansalu yomweyo, galasi linachita chifunga pang'onopang'ono. Koma nditaikapo mchenga wa ku Meponda, wongotsina ndi zala ziwiri, ndinamva kulira kwake kuti kwee, ndipo ndisanatope n'komwe mizere inali itadzaza. Nditawonjeza bawuti yachiwiri zinaipa msanga kuposa pamenepo, kusonyeza kuti kukanikiza ndi chala n'kumene kumamiza mchenga. Pomaliza ndinatenga galasi lina, kulitsuka kaye, kulinyowetsa ndi madzi a sopo. Chotsekera chinkangoterera ngati mlamba m'manja. Ndinakwecha mpaka phewa linauma, Vicente n'kulandira, nayenso n'kutopa. Kakhungu kanali chikhalire.

Kachidutswa kena ndinakaiwala pafupi ndi mbaula imene timawotha ku ofisina. Pokatola ndinapeza kakhungu katang'ambikang'ambika ngati matope a padambo mwezi wa Okutobala. Galasi ndi kakhungu zikatenthedwa sizifutukuka mofanana, china chimakoka chinzake. Ndiye magalasiwa asayandikire moto wowambira nsomba, ndipo asasiyidwe pamwala padzuwa pamene Ababa akutawaza, kusamba kokonzekera mapemphero.

Choncho kasamalidwe kake nkosavuta, kungoti kamafuna munthu wosatopa. Madzi ayambe, nsalu ibwere pambuyo. Madziwo akhale a mumtsuko amene adikha, osati otunga m'mphepete pamene mafunde avundula mchenga. Sopo akasowa, madzi okha akwanira. Kansalu ndakaika m'chitini chija chimene Dona Genoveva anandipatsanso, kazikhala kotsekeredwa, ndipo kasagwire ntchito ina. Ndamangirira chingwe kumiyendo ya magalasi kuti azilendewera pakhosi, asagwe pothamanga. Ndikudziwa kuti dzanja la Ababa lidzapita lokha kumpendero wa mkanjo, chizolowezi cha zaka zambiri sichimva kalata. Mwina mukamawatsukira inu m'mawa uliwonse, sadzaona chifukwa chopukutira. Ndikudziwanso kuti ndikuwonjezera katundu pamutu umene wasenza kale zambiri. Mundikhululukire.

Koma pempho langa lenileni ndi lina, ndipo ndi limene landichedwetsa kumata kalatayi.

Pamene ndinkatsanzika tsiku lija, Dona Genoveva anandigwira mkono. Anati amva kwa Assia kuti Ababa ndi munthu wopemphera, amene anthu amapita kwa iye kukapempha duwa, pemphero lathu lachisilamu. Anapempha kuti tsiku lina Ababa akadzakweza manja, adzamutchuleko Venâncio. Ndinawauza zoona, kuti sindingalonjeze m'malo mwa bambo anga, ndipo kuti pa nkhani ya kupempherera womwalira wa chipembedzo china, akuluakulu athu ambiri amakana. Anagwedeza mutu, nati magalasi apereka kale, sakugulitsa ndi pemphero, angopempha basi.

Che Momade nditawafotokozera, anandilangiza kuti ndingonena kuti magalasi achokera kuchipatala, nkhani ithe. Anati bambo ako a Fakihi ukuwadziwa kuuma mtima kwawo pa za chipembedzo, akamva kuti ndi a munthu wakufa, Mkhristu, akhoza kuwakana, n'kukhala wakhungu chifukwa cha chilungamo chako. Assia akugwirizana nawo. Ndalimbana nazo masiku ambiri, ndipo mwina iwo ndi amene akulondola. Koma sindingathe. Ndinakumba manda a munthu ameneyu, ndipo mkazi wake ndimakumana naye tsiku lililonse pampanda, akundifunsa ngati koluna yanyamuka. Sindingaike chinthu pankhope ya bambo anga n'kuwanamiza kumene chachokera.

Ndiye ndikupemphani, achemwali, inu amene mumadziwa kuwalankhula. Musankhe nthawi yabwino, atadya, mtima uli pansi. Muwauze zonse asanavale: kuti magalasi awo ndalephera kukonza, kuti awa anali a mkulu wina wa ku positi amene anamwalira, kuti mkazi wake wapereka mosakakamizidwa, ndi chimene wapempha. Muwauzenso kuti pempholo si ngongole. Akafuna kufunsa ashehe, afunse. Akavala koma n'kukana duwa, mundilembere, ndidzapeza mawu owauza Dona Genoveva. Akakana zonse, musakangane nawo. Mutseke chitini, muchisunge pamalo pamene dzanja lawo lingachipeze, chifukwa munthu amakana masana n'kuvomera mawa lake.

Ndikanakonda kubwera ndekha kudzanena zimenezi ndi pakamwa panga. Ndinapempha chilolezo cha ulendo, abwana anati ndidikire msewu ukhale bwino. Mawu amenewa ndawamva chibwerere changa. Nthawi zina ndimakhala pa benchi langa, taipi ya boma ili pamaso, n'kumadzifunsa kuti ndinapita kutali kuja kukatenga chiyani. Kwathu ndi pafupi, munthu akhoza kutsika phiri tsiku limodzi pagalimoto, koma panopa Jeremani ndi Meponda zatalika mofanana.

Chitini ndapereka kwa Che Momade. Ndawauza kuti achiike m'thumba la pachifuwa, osati m'katundu, kuti zikavuta panjira n'kudumpha m'galimoto, chidumphe nawo. Magalasi akale ndabweza momwemo, okulungidwa padera. Asatayidwe, diso lachifunga liposa mdima. Ndaikamonso kachidutswa ka sopo kamene Assia anabisa, n'ka magalasi, ana asakaone.

Mundiperekere moni kwa Ababa, muwauze kuti mwana wawo akupempha madalitso awo. Moni kwa alamu a Dawudi, ndamva kuti bwato lawo ndi limene linanyamula anthu ambiri tsiku lija, Mulungu awabwezere. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana anu onse, ndi kwa wakhanda amene sindinamuonebe. Assia akupereka moni kwa nonse, akuti usipa unakoma ndipo theka anagawira Dona Genoveva.

Ababa akavomera kuvala, muwapatse pepala lino. Pansi pake ndalemba dzina la malemuwo m'zilembo za Chiarabu, zikuluzikulu, kuti awerenge okha. Chilembo choyamba cha dzinalo m'Chiarabu mulibe, ndiye ndalemba Fenansiyo. Akadzafuna kumutchula, atchule choncho. Mwini wake adzadziwa amene akunenedwa.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane, Inshallah.

Ndine mlongo wanu,
Nordino